Mchenga wa kwa Maganga wayamba kubala ndiwo

Kwa Maganga, m'boma la Salima, nthaka ya m'mbali mwa nyanja imadziwika ndi zinthu ziwiri: imawotcha mapazi mwezi wa Okutobala, ndiponso simva feteleza. Ukachoka pa Kamuzu Road n'kutsata msewu wa ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, umaona dothi likuyera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumidzi ya asodzi limakhala litasanduka mchenga weniweni. Madzi ali pomwepo, nyanja yathunthu, koma tomato, anyezi ndi kabichi wambiri wa pamsika amachita kutsika pa galimoto kuchokera kumtunda. Anthu anangovomereza kuti kuno n'kwa usipa, zamasamba n'za anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Pa mabwalo onse a mchenga a m'deralo, loyera koposa linali la alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Tambala wachiwiri asanalire, iwo ankakhala atagwira kale tsache. Ankasesa kuyambira pakhonde mpaka m'malire, mizere ya tsache ili ndondondo, kenaka masamba a mango, zitosi za nkhuku ndi makoko a nthochi ankaziunjika pakona n'kuyatsa. Utsi wa m'mawa uja ndiwo unkauza mudzi wonse kuti pakhomo pano pali mayi wakhama. Phulusa la kukhitchini linkapita kudzala. Madzi otsukira nsomba, mamba ndi matumbo omwe, ankakhuthulidwa kuseri kwa khola kuti ntchentche zikachitirepo msonkhano. Madzi a kubafa ankadziyendera okha n'kukaima pakachithaphwi kobiriwira pomwe udzudzu unkaswerana popanda wousokoneza. Chomera chokhacho pabwalo lonselo chinali mtengo umodzi wa mango, nawonso unkakhala mwamantha chifukwa tsamba lililonse lomwe wagwetsa linkapsa lisanatenthedwe ndi dzuwa.

Alamu anayesapo kulima repu. Anakweza bedi lalitali monga amachitira a kumtunda, n'kuwaza yuleya wokwanira bwino. Madzi ankati akathira m'mawa, pofika 10 koloko pauma gwa. Repu anamera, anayang'ana dzuwa la ku Salima, n'kusintha maganizo. Achimwene, omwe moyo wawo wonse uli pa chilimira, anangoti, "Mayi, ndinakuuzani ine. Pano chimamera ndi bwato basi." Kunena zoona sanalakwitse kwenikweni. Timiyala ta mchenga sitigwirana, ndiye madzi amangodutsa, ndipo popita amatsuka chakudya chonse cha mbewu n'kupita nacho pansi pomwe mizu ya repu singafike. Kuwaza yuleya pamalo otere kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Kenaka zinthu zinathina. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo thumba la feteleza, lomwe linali litakwera kale chiyambireni nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022, linafika poti munthu umangolipatsa moni m'sitolo n'kudutsa. Chaka chotsatira nyanja inakwera modabwitsa, n'kumeza magombe ndi malo ambiri oyanikapo usipa. Ndalama ya ndiwo inayamba kuwerengedwa kawiri isanatuluke m'nsonga ya chitenje.

Amene anatsegula alamu m'maso ndi msangu. Kumunda kwawo, chakumtunda pang'ono, kuli msangu waukulu, umodzi mwa misangu yambirimbiri yomwe imapezeka m'chigwa cha Salima. Aliyense amadziwa kuti pansi pa mtengowu chimanga chimabiriwira mpaka kuda, pomwe chinzake chapatali chili chachikasu. Msangu umachita zosemphana ndi mitengo ina: mvula ikayamba umayoyola masamba onse, kotero sutchinga dzuwa, ndipo masambawo amawolerana pomwepo n'kudyetsa chimanga. Tsiku lina alangizi a zaulimi akufotokoza zimenezi ku kalabu ya amayi, alamu anakweza mkono.

"Alangizi, pepani. Ndiye masamba ndimawotcha m'mawa uliwonse aja, ndimawotcha feteleza?"

"Mumawotcha ndiwo zanu, mayi," anayankha alangiziwo. Anawonjezera kuti masamba a mango alibe mphamvu ya msangu, koma akawola amachita chinthu chimene mchenga umachisowa koposa: amasunga madzi.

M'mawa mwake kunalibe utsi.

Nkhondo yoyamba sinali ya mbozi kapena dzuwa. Inali ya amayi athu, omwe amakhala nyumba yoyandikana ndi ya achimwene. Anapirira mpaka pomwe anaona mulu wa masamba ukukula kuseri kwa khitchini, ndiye anatulukira atagwira m'chiuno.

"Apongozi, mwadwala?"

"Ayi, amayi, ndili bwino ndithu."

"Nanga ladwala ndi tsache?"

Musaseke, nkhaniyi ndi yaikulu. Kwathu kuno bwalo losasesa ndi mlandu wa mkazi, ndipo pachitsime sachedwa kuuzenga. Mawu oti uve anamveka, oti ulesi anamvekanso. Anagwirizana chonchi: kutsogolo kwa nyumba kuzisesedwa monga kale kuti alendo asamatiseke, koma zinyalala zonse zowola zizipita kuseri, ndipo machesi asazikhudze. Mapepala a pulasitiki okha ndiwo ankasankhidwa padera. Ine ndimati mgwirizano umenewu ndiwo unabala dimba lonse, chifukwa ambiri amene amaphunzitsa ulimi wotere amaiwala kuti mayi sangalime bwino pamene mudzi ukumuloza chala.

Choyamba anamanga mpanda wa bango, n'kuzika m'mbali mwake nthambi za cham'mwamba ndi gilirisidiya kuti bango likadzawola mpanda wamoyo udzakhale utagwira. Chachiwiri anasiya kukweza mabedi. Pamchenga bedi limafunika kulowa pansi. Anakumba ngalande zofika m'mawondo, n'kuyalamo mapesi, masamba, mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo, ndowe za mbuzi ndi dothi la pachulu, lomwe ndi lamakande ndipo limathandiza mchenga kugwirana. Pamwamba anabwezera mchenga wosakaniza ndi manyowa, bedi n'kukhala lotsikirapo pang'ono kuti madzi asathawire m'mbali, kenaka anaphimbira ndi udzu wouma. Oopa chiswe anachenjeza kuti udzuwo uchiitana. Chinabweradi, koma chinatanganidwa ndi udzu wouma n'kusiya mbewu zamoyo.

Tsopano mgolo. Uwu ndiwo mtima wa dimbalo, ndipo fungo lake limakulonjera usanafike pampanda. Ndi mgolo wakale wa pulasitiki wodzaza madzi, m'kati mwake mukulendewera thumba la zitosi za nkhuku ndi za mbuzi lomangidwa ku mtengo wopingasa. Alamu amaonjezeramo masamba osinja a gilirisidiya ndi a deliya, duwa lachikasu lija lomera m'mbali mwa misewu, lomwe masamba ake amawola msanga ndipo ali ndi chakudya chambiri cha mbewu. Amavundikira, n'kumatakasa m'mawa ndi ndodo, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu thovu likaleka, msuzi wapsa. Muyeso wawo ndi chitini chimodzi cha msuziwo ku zitini zisanu za madzi. Amathira patsinde, osati pamasamba, ndipo ndiwo zimene zatsala pang'ono kuthyoledwa sazithira konse, chifukwa zitosi ndi zitosi basi, zimatha kunyamula matenda. Woyamba kudandaula za fungo anali achimwene, munthu woti malaya ake amphaka a mudzi wonse amawadziwa. Alamu anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Madzi otsukira nsomba aja anakwezedwa pantchito. Matumbo, mamba ndi mitu amazikwirira pakati pa bedi, mozama ndithu kuti agalu asafukule, ndipo madziwo amathira pa nthochi ndi mapapaya. Nsomba ili ndi nayitrojeni ndi fosifolasi, zomwezo zimene timalipira ndalama zambiri m'thumba la feteleza wokulitsa. Lamulo ndi limodzi: madzi amene alowa mchere asayandikire dimba. Phulusa nalo amawaza pang'onopang'ono mozungulira tomato ndi nthochi chifukwa lili ndi potashi, koma salisakaniza ndi zitosi zaziwisi pamtunda, popeza limathamangitsira mphamvu ya zitosizo mumpweya. Zotsala zonse zimapita pa mulu wa chimato, womwe amaumata ndi matope kuti chinyezi chisathawe.

Za kumunda waukulu anaphunzira kupanga feteleza wa Mbeya, yemwe tsopano wafala m'Malawi monse. Amasakaniza madeya, phulusa losefa, zitosi zouma zopera ndi makilogalamu 10 okha a feteleza wogula, n'kuwaza madzi malita 5, kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga zolimba ndi kusunga pamthunzi masiku 21. Thumba limodzi la m'sitolo limabala matumba asanu. Kumadera ena amakonda ndowe za nkhumba, koma kwa Maganga, komwe mabanja ambiri ndi Asilamu, nkhuku ndi mbuzi zimaigwira bwino ntchitoyo. Asakunamizeni kuti thumba la Mbeya ndi lofanana mphamvu ndi la m'sitolo. Ubwino wake ndi woti pamchenga limakhalitsa, silitsukika ndi mvula yoyamba, ndipo chaka ndi chaka limasiya kanthu m'nthaka.

Kachithaphwi ka kubafa kanatha mosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Anakumba dzenje lozungulira pomwe madzi ankaima, n'kulidzaza masamba ndi makoko, m'mphepete mwake n'kudzala nthochi, mapapaya ndi mbatata. Madzi osamba amalowa m'dzenjemo, nthochi n'kumamwa. Udzudzu unasamuka wosatsanzika.

Pa nkhani ya kadzalidwe m'pamene amayi athu anagwa m'mbuna yokoma. Anaona alamu akudzala chimanga chachiwisi, pakati pake khobwe, m'mphepete maungu oti ayale pansi, ndiye anafunsa kuti nzeru imeneyi yachokera kuti. Atamva kuti ndi ya kwa alangizi, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Zachilendo zake ndi ziti pamenepa? Ife amayi athu ankadzala chonchi. Phando limodzi chimanga, khobwe, dzungu. Anabwera anthu n'kutiuza kuti ndi umbuli, tizidzala chimanga chokhachokha m'mizere yoyera. Lero abweranso kudzatiuza zathu zomwe?"

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhala wotsutsa n'kukhala mlangizi wamkulu, wosalipidwa komanso wosachotseka. Ndipo ananena zoona. Alimi a ku Mexico, komwe chimanga chinachokera, akhala akudzala chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi kwa zaka zikwizikwi. Chimanga chimapereka pokwera ndi kamthunzi, maungu amaphimba nthaka ndi masamba awo otambalala kuti dzuwa lisamwe chinyezi ndipo udzu usamere, pomwe khobwe ali ndi timatuza kumizu momwe mumakhala tizilombo tokoka nayitrojeni mumpweya. Ambiri amaganiza kuti khobweyo amadyetsa chimanga nthawi yomweyo. Phindu lalikulu limabwera pambuyo, masangwi ndi mizu yake zikawolera m'nthaka, ndiye wozula khobwe n'kuwotcha zotsala wataya malipiro ake. Ku Ekwendeni, alimi a bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, lomwe linayamba m'chaka cha 2000, anatchukitsa kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Nandolo amakula mochedwa, ndiye mtedza umakhwima iye asanatambasule nthambi, kenaka amatsala yekha akugwetsa masamba mpaka chilimwe. Alamu anachita zomwezo kuchigawo china cha munda ndi nandolo wa Mwaiwathualimi, ndipo nkhuni zophikira akumazipeza pomwepo.

M'dimba la pakhomo mulibe bedi la mbewu imodzi. Repu ndi mpiru zili pakati pa mizere ya anyezi ndi adyo. Tomato wazunguliridwa ndi mpungabwi ndi maluwa a marigold. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje palibe anazidzala, zinabwera zokha ndi manyowa, ndipo alamu anaziuza kuti zikhale, popeza sizidwaladwala ndipo dzuwa la kuno zinabadwa nalo. Pa zonsezi, chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi marigold. Mchenga wotentha umasunga tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi therere mpaka mbewu kufota madzi ali pomwepo, ndipo mizu ya marigold imatulutsa mankhwala otipha. Koma duwa limodzi pakona silithandiza. Alamu amadzaza bedi lonse ndi maluwawo kwa miyezi iwiri kapena itatu, n'kuwagaulira pansi, kenaka tomato. Za anyezi kuthamangitsa nsabwe za m'masamba, ine ndimati zimathandiza mwa apo ndi apo. Chooneka ndi maso n'choti tizilombo sitiyenda msanga m'bedi losakaniza monga timachitira m'bedi la repu yekhayekha, ndipo ngakhale nsabwe zitapambana, anyezi umakolola ndithu. Kambozi koboola tomato kotchedwa Tuta absoluta kokha ndiko sikaopa duwa lililonse. Kameneko amachita kuthyola masamba ogwidwa n'kuwakwirira, ndiponso sabwereza tomato pabedi lomwelo.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi nkhondo ya ntchemberezandonda, zachilendo zija zomwe zinavuta mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Alimi a m'Malawi anatulukira okha njira yothira msuzi wa usipa kapena bonya, wothira shuga pang'ono, m'mitima ya chimanga. Msuziwo supha mbozi. Umaitana nyerere, nyerere n'kupeza kuti pali nyama ina yonona pafupi. Kwa Maganga usipa sasowa, ndipo mchenga wothira mumtima wa chimanga kuti ukande mbozi uli paliponse. Zikakula amasinja masamba a nimu n'kuviika usiku wonse. Ombwe naye amapha tizilombo bwino, koma pano m'pofunika kusamala kwambiri: ndi chomera chomwe chija anthu ankaphera nsomba m'mitsinje, ndiye chidebe chake sichitsukidwa kunyanja. Ku Kenya akatswiri a bungwe la icipe anakonza njira yodzala desmodium pakati pa chimanga ndi nsenjere m'mphepete, kuti china chizithamangitsa agulugufe oikira mazira, china chiziwakopa, ndipo desmodium amafooketsanso kaufiti. Alamu nsenjere anadzala kale, mbuzi zikudya, akungoyembekeza mbewu inayo.

Ndiye bwerani lero mudzaone. Ukalowa pachipata cha bango, kutentha kumatsika nthawi yomweyo. Cham'mwamba chadutsa denga, mikoko ya nthochi yachita kuchirikizidwa ndi mphanda, mapapaya apanikizana pakhosi pa mtengo. Maungu anakwera pa bafa n'kukabereka padenga la khola. Ukakanda pansi pa udzu ndi chala, mchenga woyera uja wada, ndi wozizira, ndipo muli nyongolotsi, zomwe ana a pakhomopo ankangoziona akapita kudambo kukafuna nyambo. Njuchi zili wowowo pa mpungabwi. Nkhwani, chitambe, kholowa, bonongwe, therere, tsabola wa kambuzi: mphika umachita kusankha. Mtengo wa mango uja, womwe tsopano masamba ake amaloledwa kugona pamizu pake, unabereka mpaka nthambi ina kuthyoka.

Achimwene, aja ankati pano chimamera ndi bwato, masiku ano akamachokera kunyanja m'mawa amanyamula chidebe cha matumbo a nsomba, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akuuza anzawo kuti, "Dimba lathuli tinalivutikira." Alamu anali pomwepo akuthyola nkhwani. Anangoti, "Eetu, bambo, makamaka inu," osatukula n'komwe mutu.

Amayi a pachitsime aja ankanena za uve amabwera madzulo ndi mbale, ena kudzagula, ena kudzasinthanitsa ndi usipa, ena kudzangocheza mpaka mwini dimba achite manyazi n'kuwathyolera. Angapo anapempha mbewu ya marigold ndi nthambi za gilirisidiya, ndipo mabwalo ena oyandikana nawo ayamba kumera mipanda ya bango. Zotsatira zake n'zoti zitosi za mbuzi, zomwe kale unkangoziponda, tsopano zili ndi eni ake. Amayi athu, omwe anafunsa ngati tsache ladwala, amayenda ndi thumba m'mamawa kukasesa pansi pa mitengo ya eni asanadzuke, ndipo anakanganapo kale ndi mnzawo wa kumpingo chifukwa cha mulu wa masamba a mthethe.

Walira mvula walira matope. Nkhuku zinazindikira kuti pansi pa udzu pali nyongolotsi, ndiye mabedi a mbewu zazing'ono amachita kutchingidwa ndi minga ndi maukonde akale. Njoka inaonekapo pa mulu wa chimato, ndipo kuyambira pamenepo udzu wa m'njira umadulidwa ndipo ana salowa m'dimba opanda nsapato. Kutunga madzi nako sikunathe, kunangochepa, chifukwa bedi lophimbira limatha kudumphitsa tsiku pomwe losaphimbira limafuna kawiri. Achibale a m'tauni, ine ndemwe, tayamba kukonda kwambiri kukaona achimwene, ndipo timapita ndi zikwama zopanda kanthu.

"Alamu," anandiuza ulendo wina akundilongedzera mapapaya, "ulendo wamawa chikwamachi chibwere ndi madeya. Dimba silidya zikomo."

Nzeru zoterezi si za pakhomo limodzi. Ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, Stacia ndi Kristof Nordin akhala akuonetsa anthu kwa zaka zambiri pa malo awo a Never Ending Food kuti bwalo losesedwa mpaka kuuma lingasanduke nkhokwe ya chaka chonse. Chimene alamu anaonjezera n'choti zimatheka ngakhale pamchenga wa kunyanja, pomwe aliyense anali atagonja kale, ndiponso kuti msodzi ali ndi manyowa amene mlimi wa kumtunda angawasirire.

Inu a kwa Maganga, a ku Chipoka, a ku Nkhotakota ndi kwina konse kwa mchenga, nthawi yabwino yoyamba ndi Meyi kapena Juni, mwera ukayamba kuomba, dzuwa litafatsa ndipo mapesi ndi udzu zili mbwee. Yambani ndi bedi limodzi pafupi ndi pomwe mumatsukira mbale, likumbeni molowa pansi, ndipo mgolo muuike kutali ndi zenera la kuchipinda. Koma musanadzale kanthu mangani mpanda, chifukwa mbuzi zikamasulidwa anthu atatha kukolola sizifunsa kuti dimbali ndi la yani.